Karl Terzaghi (1883–1963): Tate wa Sayansi ya Dothi ndi Maziko

Mawu oyamba

Mphunzitsi, mwina mudaonapo msewu wodutsa padambo umene udamangidwa bwinobwino, koma patapita zaka zingapo udayamba kutitimira, mpaka galimoto ikafika pamlatho imachita kudumpha chifukwa msewu watsika pamene mlatho uli pomwepo. Anthu ambiri amangoti amisiri adaba simenti. Nthawi zina n'zoona, koma nthawi zina vuto limakhala pansi pa msewuwo, m'dongo lofewa lodzaza ndi madzi. M'phunziro lino muwerenga za moyo wa Karl Terzaghi, injiniya wa ku Austria amene adafotokoza ndi masamu chifukwa chake dongo lotere limatitimira pang'onopang'ono, komanso nthawi imene limatenga kuti lisiye kutitimirako.

Zolinga

Pomaliza pa phunziro lino muyenera kutha:

- kufotokoza zikuluzikulu za moyo wa Terzaghi;
- kufotokoza mmene madzi ndi tinjere ta dothi zimagawanirana katundu;
- kuwerengera nthawi imene dongo limatenga kuti lititimire;
- kusonyeza zimenezi m'kalasi ndi zipangizo zosavuta kupeza.

Ubwana ndi maphunziro

Karl Terzaghi adabadwa pa 2 Okutobala 1883 mumzinda wa Prague, umene pa nthawiyo udali mu ufumu wa Austria-Hungary. Bambo ake, Anton von Terzaghi, adali mkulu wa asilikali. Atapuma pantchito, banja lidasamukira ku Graz, ndipo bambowo adamwalira Karl akadali wamng'ono. Ali ndi zaka 10 adamutumiza kusukulu yogonera komweko ya ana okonzekera usilikali. M'chaka cha 1900 adalowa yunivesite ya zaluso ya ku Graz kukaphunzira uinjiniya wa makina, ndipo adamaliza mu 1904.

Musaganize kuti adali wophunzira wofatsa ayi. Adali wanzeru koma wopulupudza, ndipo mtima wake udali pa maphunziro a miyala ndi nthaka kuposa pa makina. Adatsala pang'ono kuchotsedwa sukulu, koma mphunzitsi wake wina, Pulofesa Ferdinand Wittenbauer, adamuikira kumbuyo. Inu ngati mphunzitsi, mfundo imeneyi muisunge.

Ntchito yake yoyamba adaipeza ku Vienna, pakampani yomanga ndi konkire. Pambuyo pake adakagwira ntchito yofufuza malo a magetsi a madzi ku Croatia, kenako adapita ku St Petersburg m'dziko la Russia. Konseku adaona chinthu chimodzi chomwe chidamusowetsa mtendere. Mainjiniya ankatha kuwerengera bwino mphamvu ya chitsulo ndi konkire, koma zikafika pa dothi losenza chimangocho ankangodalira zimene adazolowera ndi kuyerekeza. Nyumba zinkang'ambika, madamu ankagumuka, ndipo palibe ankatha kuneneratu.

Mu 1912, atalandira digiri ya udokotala ku Graz, adapita ku America. Adayendera madamu amene ankamangidwa kumadzulo kwa dzikolo, akumalemba za miyala ndi dothi la pamalo alionse. Ankayembekeza kuti akasonkhanitsa zambiri apezamo malamulo. Sizidatheke. Ndalama zitamuthera adagwirako ganyu yoboola miyala pamtsinje wa Columbia, ndipo kumapeto kwa 1913 adabwerera kwawo ali wokhumudwa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914 adalowa usilikali, natsogolera gulu la mainjiniya ku Serbia.

Zaka za ku Istanbul

M'chaka cha 1916 adamutumiza ku Istanbul kukaphunzitsa pasukulu ya uinjiniya ya boma la Ottoman. Nkhondo itatha ntchitoyo idamuthera, choncho adakalowa pa Robert College, sukulu ya Amereka mumzinda womwewo. Malipiro adali ochepa, labotale yeniyeni padalibe. Kumeneko ndi kumene adazindikira chimene chidamulepheretsa ku America. Mayina monga mchenga wosalala kapena dongo lofewa sauza injiniya kanthu, chifukwa dongo limene wina akuti n'lofewa mnzake atha kunena kuti n'lolimba. Dothi lidafunika kuyezedwa ndi kupatsidwa manambala, monga amachitira ndi chitsulo.

Adayamba kupanga yekha zipangizo, zina kuchokera ku mabokosi a ndudu ndi zitsulo zotayidwa. Ankaika dongo lonyowa m'kachitsulo kozungulira, n'kulipsinja ndi cholemera, kenako n'kumayeza mmene likutsikira ola ndi ola, tsiku ndi tsiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Adapeza kuti mchenga ukaupsinja umatsika nthawi yomweyo n'kuima, pamene dongo limatsika mofulumira poyamba, kenako pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, madzi akutuluka. Kutitimira kotereku, kobwera chifukwa cha kufinyika kwa madzi, akatswiri amakutcha consolidation. Adalemba masamu ake mu 1923, ndipo mu 1925 adatulutsa buku la m'Chijeremani lotchedwa Erdbaumechanik. Ambiri amati sayansi ya dothi, soil mechanics, idayambira pa buku limeneli.

Kodi adapeza chiyani kwenikweni?

Apa muwerenge modekha, chifukwa ndiye pagona nkhani.

Dothi ndi tinjere tambirimbiri togundana, ndipo pakati pake pali timipata. M'dambo timipatati timakhala todzaza ndi madzi. Mukaika katundu pamwamba, kaya ndi nyumba kaya ndi dothi lokwezera msewu, pali awiri amene angamusenze: tinjere kapena madzi. Terzaghi adaonetsa kuti gawo lokhalo la katundu limene lasenzedwa ndi tinjere ndilo limafinya dothi ndi kulipatsa mphamvu. Gawo limeneli limatchedwa effective stress, ndipo amalemba chonchi:

σ′ = σ − u

Apa σ ndi kulemera konse kopsinja pamalopo, u ndi kupanikizika kwa madzi a m'timipata, ndipo σ′ ndi gawo la tinjere.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongoyerekeza. Pa mamita 5 pansi pa dambo lodzaza madzi, tinene kuti kulemera konse ndi 90 kPa ndipo madzi akupanikizika ndi 50 kPa. Ndiye kuti tinjere tasenza 40 kPa. Tsopano amisiri athira dothi la msewu lowonjezera 40 kPa pamalo aakulu. Tsiku loyamba madzi alibe kothawira msanga, ndipo madzi safinyika, choncho katundu yense watsopano agwera madziwo. Kupanikizika kwawo kukwera kufika 90 kPa, tinjere tikadali pa 40 kPa. Pakamapita miyezi madzi amatuluka pang'onopang'ono, ndipo katundu amasamukira ku tinjere. Pamapeto madzi abwerera pa 50 kPa, tinjere tafika pa 80 kPa, tathinana, ndipo msewu watsika. Mwaona? Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene katundu wangoikidwa kumene, dongo lisanapeze mphamvu yatsopano. N'chifukwa chake padongo lofewa amisiri odziwa amathira dothi pang'onopang'ono, n'kumadikira.

Nanga madziwo amatuluka mwa liwiro lotani? Apa Terzaghi adagwiritsa ntchito lamulo la Henry Darcy, injiniya wa ku France, amene mu 1856 adaonetsa kuti madzi amayenda m'mchenga molingana ndi kusiyana kwa kupanikizika kwawo komanso kukula kwa timipata. Mumchenga woyera madzi amadutsa mofulumira ka 100,000, ngakhale kuposa apo, poyerekeza ndi m'dongo. Ataphatikiza lamulo la Darcy ndi kufinyika kwa dongo, Terzaghi adapeza masamu ofanana ndendende ndi a mmene kutentha kumayendera m'chitsulo. Monga chitsulo chamoto chimayamba kuzizira kunja pakati pakadali potentha, dongo nalo limayamba kutaya madzi m'mbali mwake, pakati n'kutsirizira.

Kuchokera m'masamuwa mumatuluka kachiwerengero kamene injiniya aliyense wa maziko amakadziwa:

t = T × H² ÷ cv

Chilembo t ndi nthawi. H ndi mtunda wautali kwambiri umene madzi ayenera kuyenda kuti atuluke m'dongo. Nambala ya cv imayezedwa mulabotale ndipo imasonyeza liwiro la dongo limenelo. T ndi nambala yokhazikika: pafupifupi 0.197 pamene kutitimira kwafika theka, ndi 0.848 pamene kwafika magawo 90 pa 100 alionse.

Tengani dongo lochindikala mamita 4, lokhala ndi cv ya 2 m² pa chaka. Ngati pamwamba ndi pansi pake pali mchenga, madzi atulukira mbali zonse ziwiri, ndiye H ndi mamita 2. Nthawi yofika pa magawo 90 ikhala 0.848 × 4 ÷ 2, kutanthauza chaka 1.7. Koma ngati pansi pali thanthwe losadutsa madzi, H ndi mamita 4, ndipo nthawi ikhala 0.848 × 16 ÷ 2, zomwe ndi zaka 6.8. Mtunda wangowirikiza kawiri, koma nthawi yawirikiza kanayi.

Ntchito 1

Nyowetsani siponji mpaka ikhute madzi. Iikeni m'jumbo ya pulasitiki, tulutsani mpweya wonse ndipo mumange zolimba. Ikani thabwa pamwamba ndi njerwa imodzi. Siponji sitsika kwenikweni. Tsopano boolani jumboyo ndi singano, ophunzira aziyeza kutalika kwa siponji mphindi iliyonse. Bwerezani ndi mabowo 5. Afunseni: siponji ikuimira chiyani? Nanga mabowo? Ndani adasenza njerwa poyamba, ndipo ndani akuisenza pamapeto?

Chenjerani: ophunzira ena adzasokoneza nkhaniyi ndi ya makande. Makande amafufuma kukagwa mvula, n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo amang'amba makoma ngakhale a nyumba zopepuka. Limenelo ndi vuto lina. Consolidation imachitika m'dongo lokhuta madzi limene lawonjezeredwa katundu kapena lapopedwa madzi.

Kutchuka, ndi mkangano wa ku Vienna

Buku la 1925 lidamutsegulira khomo ku Massachusetts Institute of Technology ku America. Kumeneko adakhazikitsa labotale ya dothi, napeza wothandiza wachinyamata wochokera ku Austria, Arthur Casagrande, amene pambuyo pake adakhala katswiri wodziwika payekha. Adakumananso ndi Ruth Doggett, katswiri wa miyala, amene adamukwatira mu 1930 banja lake loyamba litatha kale. Mayi ameneyu adagwira naye ntchito mpaka imfa. Mu 1929 adavomera upulofesa ku Vienna, ndipo kuchokera kumeneko ankayenda m'mayiko ambiri kukalangiza. Damu la pamtsinje wa Svir ku Soviet Union, lomangidwa pa dongo lofewa, ndi imodzi mwa ntchito zake za nthawiyo. Mu 1935 adalangizanso pa maziko a zinyumba za chipani cha Nazi ku Nuremberg, mpaka adakambirana ndi Hitler maso ndi maso. Zimenezi n'zofunika muzidziwe, chifukwa luso la injiniya silisankha womutumikira. Mwini lusoyo ndiye amasankha.

M'chaka cha 1936 msonkhano woyamba wa akatswiri a dothi a mayiko onse udachitikira ku Harvard, ndipo Terzaghi adakhala mtsogoleri wa bungwe lawo kuyambira chaka chimenecho mpaka 1957. Chaka chomwecho adatulutsa buku la kutitimira kwa dongo pamodzi ndi Otto Fröhlich. Pulofesa mnzake wa pasukulu yomweyo ku Vienna, Paul Fillunger, adafalitsa kabuku konyoza masamuwo ndi eni ake omwe. Awiriwa adali atayamba kale kutsutsana pa nkhani ya mphamvu ya madzi m'makoma a madamu. Sukulu idakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo komitiyo idapeza kuti Terzaghi sadalakwe, kulakwitsa kudali m'mawerengero a Fillunger. Mu Malichi 1937 Fillunger ndi mkazi wake adadzipha.

Patapita zaka zambiri, akatswiri ounika mbiri ya sayansi adaonetsa kuti njira ya Fillunger yolembera masamu a madzi paokha ndi a tinjere paokha idali yanzeru, ndipo ndi imodzi mwa mizu ya masamu amakono a zinthu zokhala ndi timipata. Terzaghi adali wolondola pa zimene injiniya amafuna, Fillunger nayenso adali ndi mfundo. Chidawononga ndi chipongwe ndi kufuna kugwetsana.

Ntchito 2

Kambiranani ndi aphunzitsi anzanu: wophunzira akatsutsa yankho la mnzake pagulu, mumatani kuti mfundo iunikidwe popanda wina kuchititsidwa manyazi? Lembani malamulo 3 amene mungagwirizane ndi kalasi lanu.

Zaka za ku America

Mu 1938, chaka chimene Germany idalanda Austria, Terzaghi adasamukira ku America nayamba kuphunzitsa ku Harvard. Adakhala nzika ya dzikolo mu 1943. Ntchito yake yoyamba ikuluikulu idali njanji ya pansi pa mzinda wa Chicago, imene ankaikumba m'dongo lofewa pansi pa misewu ndi nyumba zitalizitali. Adaumirira kuti pakhale labotale ndi munthu woyeza tsiku lililonse. Munthuyo adali Ralph Peck, amene adayamba ntchitoyo mu 1939. Ankayeza mmene dongo likulowerera m'ngalande ndi mmene msewu ukutsikira pamwamba, ndipo manambala akaipa okumba ankasintha kakumbidwe. Njira imeneyi, yomanga uku mukuyeza ndi kukonzekeratu chochita zinthu zikapotoka, imatchedwa observational method.

N'zochititsa chidwi kuti munthu amene adabweretsa masamu m'nkhani za dothi ndi yemweyo amene adakhala zaka zake zomaliza akuchenjeza anthu kuti asamadalire masamu okha. Ankadziwa kuti kamzere kochepa ka mchenga kobisika m'dongo, kamene chobowolera chakaphonya, kangathe kusintha H ndi kusokoneza mawerengero onse. Mu 1943 adatulutsa Theoretical Soil Mechanics, ndipo mu 1948 iye ndi Peck adatulutsa Soil Mechanics in Engineering Practice.

Ku Africa kuno adagwirako ntchito ziwiri zodziwika. M'zaka za m'ma 1950 adalangiza pa damu la Sasumua ku Kenya, lopereka madzi ku Nairobi. Dongo lofiira la kumeneko linkaoneka losayenera akaliyeza ndi miyezo yozolowereka ku Ulaya, chifukwa limasunga madzi ambiri. Kafukufuku adaonetsa kuti tinjere take timamatana m'timibulu tolimba, choncho dongolo ndi lamphamvu kuposa mmene miyezoyo imanenera. Damu lidamangidwa ndi dongo lomwelo, ndipo Terzaghi adalemba za ntchitoyi mu 1958. Phunziro lake ndi lakuti dothi la kumadera otentha liyenera kuyezedwa palokha. Kuyambira 1954 adatsogoleranso gulu la alangizi a damu lalikulu la Aswan ku Egypt, koma adatula pansi udindo mu 1959 atasemphana maganizo ndi mainjiniya a ku Soviet Union.

Ntchito yovuta ya kumapeto kwa moyo wake idali Mission Dam ku British Columbia m'dziko la Canada, pamalo okhala ndi dongo lochindikala pansi. Adamwalira pa 25 Okutobala 1963 ku Winchester, Massachusetts, ali ndi zaka 80. Mu 1965 damu lija adalitcha Terzaghi Dam. Zolemba zake zidasungidwa ku Norwegian Geotechnical Institute ku Oslo.

Zimene ena adawonjezera

Masamu a Terzaghi amayerekeza kuti dongo ndi lofanana paliponse, ndi lokhuta madzi, ndipo madzi ndi dothi zimayenda chokwera kapena chotsika basi. Dothi lenileni silimvera zonsezi. Mu 1941 Maurice Biot adakulitsa masamuwo kuti madzi ndi dothi ziziyenda mbali zonse. Mu 1948 Reginald Barron adalemba masamu a ngalande zoimirira, zimene amazizika m'dongo motalikirana mamita ochepa kuti madzi ayende kamtunda kakafupi cham'mbali. Kumbukirani H² ija: mukafupikitsa mtunda, zaka zimasanduka miyezi. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri a ku Cambridge adapanga masamu otchedwa Cam clay, olumikiza kufinyika kwa dongo ndi mphamvu yake. Masiku ano mainjiniya amagawa nthaka m'tizidutswa tambirimbiri pakompyuta, ndipo kompyuta imawerengera madzi ndi kutitimira m'kachidutswa kalikonse.

Ngakhale zili choncho, chenjezo la Terzaghi likadali ndi ntchito. Bwalo la ndege la Kansai ku Japan, lotsegulidwa mu 1994, lidamangidwa pachilumba chochita kuthira m'nyanja. Dongo la pamwamba adaliika ngalande za mchenga ndipo lidatitimira msanga monga ankafunira, koma dongo lakuya, kumene ngalande sizidafike, lidatitimira kuposa mmene adawerengera. Chilumbacho chatsika mamita oposa 10, ndipo nsanamira za nyumba yaikulu ya pabwalopo adazikonza mwakuti azitha kuzikweza ndi majeki. Mexico City nayo yakhala ikutitimira chifukwa cha kupopa madzi a pansi: u ikatsika, σ′ imakwera, dongo limafinyika.

Mwachidule

Mwaphunzira kuti Terzaghi adayamba ndi kulephera ku America, napeza yankho m'kalabotale kosauka ku Istanbul. Adaonetsa kuti katundu woikidwa pa dongo lokhuta madzi amayamba wasenzedwa ndi madzi, kenako amasamukira ku tinjere madziwo akamatuluka, ndipo nthawi yake imadalira kwambiri mtunda umene madzi ayenera kuyenda. Adaphunzitsanso kuti mawerengero ayenera kutsimikizidwa ndi kuyeza pamalo a ntchito.

Mafunso odziyesa

1. N'chifukwa chiyani ulendo wa ku America wa 1912 sudapereke zimene Terzaghi ankafuna?
2. Dongo lochindikala mamita 6 lili ndi mchenga pamwamba ndi pansi, ndipo cv yake ndi 1.5 m² pa chaka. Padzapita zaka zingati kuti lititimire theka?
3. Fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chake kupopa madzi ambiri m'zitsime zakuya kungatsitse nthaka ya mzinda womangidwa padongo.
4. Sukulu yanu ikufuna kumanga chipinda chatsopano pafupi ndi dambo. Ndi mafunso ati amene mungafunse amisiri asanakumbe maziko?